Pikapu Yaitali, Apongozi Aafupi

Anzanga, mukamaiona pikapu yanga masiku ano itabwerera pansi ngati kale musaganize kuti matayala aakulu aja anabedwa ayi, ndinakawachotsetsa ndekha, ndipo mukamva chifukwa chake mundiseke ndithu, ine manyazi anandithera ku Likhubula.

Paja ine ndimatenga nanazi ku Milonde, kumene ndinakwatira, kukagulitsa ku Limbe. Misewu ya kumindako nthawi ya mvula mukuidziwa, matope ofiira aja, miyala ili mbwee, galimoto kumangokhula mimba pansi, gwaa! mtima n'kumandiwawa ngati akupala ineyo. Ndiye maganizo anali abwinobwino: kuitukula pang'ono, kuika matayala okulirapo, basi.

Ndinapita kwa a Yusufu, amakaniko a pa Chonde. Anaizungulira, kuigwedeza, kusuzumira kunsi, akuti, "Achimwene, mainchesi awiri akukwanirani. Masipuling'i tiwonjezera, matayala mutenge ongokulirapo pang'ono, muzidutsa paliponse."

Ine mainchesi awiri? Munthu woti ndakhala ndikuonera pa foni zigalimoto za kunja zikukwera miyala ngati mbuzi, ndivomere kutukula kofanana ndi chala? Ndinaloza matayala ena amene anatsamira khoma, zimphona zofika m'chiuno, mano ngati a thirakitala.

"Awotu kuti alowe mpaka titukule mainchesi sikisi," anatero a Yusufu, "ndipo pokhota azikhula."

"Azikhula kumene, anthu azimva kuti ndikubwera."

Anangopukusa mutu, akuti galimoto ndi yanu.

Tsono ndiulule, si nanazi zokha zimene zinandikwezetsa mtima. Loweruka lakelo kunali chinkhoswe cha mlamu wanga Fatsani, kwawo kwa mtsikana ku Likhubula, ndipo apongozi anga aakazi anali atanena kuti akwera galimoto yanga. Zaka eyiti ndili pa chikamwini, aka kanali koyamba kundipatsa ulemu wotere. Ndinati ndikawafikitse ngati nduna, a kuchikazi akaone kuti banja limeneli lili ndi mkamwini.

Mudziwenso kuti apongozi angawo mwambo amausunga osati masewera. Sitiyang'anana m'maso, sitipatsana chanza, tikakumana panjira wina amapatuka, ndipo wopatukayo ndimakhala ine. Mawu onse amadutsira mwa mkazi wanga, amake Tadala, ngakhale ndili chiimire pomwepo: "Uwauze amuna akowo chakutichakuti."

Tsiku lokatenga galimoto, ee, inali chinthu! Pokwera ndinachita kudzikoka ndi chiwongolero, thalauza n'kulira pang'ono kumbuyoku, ine osasamala. Njira yonse ndinkaona madenga a maminibasi kuchokera pamwamba. Kufika pakhomo ndinakhotera molunjika m'chisakasa chimene ndimaimikamo masiku onse, kuiwala kuti mwana wakula. Phwaa! Malata atatu pansi, mtanda wathyoka, nkhuku balala. Amake Tadala anatuluka chipande chili m'manja, n'kukweza maso, kukwezanso.

"Abambo ake Tadala, ichi n'chiyani?"

Ndikuti ndi chitukuko.

"Amayi akwera bwanji?"

Ndikuti mayi, zimenezo siyirani amuna. Mwamva kuyankha kwa chitsiru?

Loweruka m'mawa apongozi anatuluka atatchena, chilundu chatsopano, duku lomanga ngati la pa chithunzi, nsapato zagogoda zimene amavala pa Khirisimasi pokha. Ndi mayi wamfupi, wathupi lake, ndipo bondo lakumanja limawavuta. Amake Tadala atatsegula chitseko, mpando unali pa mphumi pa apongozi. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Uwafunse amuna akowo, nyumba imeneyi khomo lake lili kuti?"

Tinabweretsa kireti, inachepa. Tinasanjikiza makireti awiri, anagwedera. Apongozi akati akweze mwendo, chilundu chikukana, ndipo ine sindingawagwire dzanja, sindingayang'anenso, ndangoima uko ndikuona phiri ngati ndaliona koyamba. Kenako nzeru inabwera. Kuseri kwa munda wa nandolo kuli chulu chachikulu, ndiye ndinakaimika galimoto m'mbali mwake, matayala akukhula grrr, grrr, mudzi wonse n'kutuluka. Apongozi anakwera chulu atagwirira mwana wawo, gogoda n'kumamira m'dothi, kufika pamwamba anangoponda kamodzi n'kukhala pampando. Anthu anaomba m'manja. Amake Tadala analowera kwanga n'kukhala pakati ngati khoma, ine ndikudzimva kuti mutu uwu ndi wa injiniya. Kodi ndinaganizako zoti wokwera amatsikanso? Ngakhale pang'ono.

Tinafika ku Likhubula dzuwa litakwera. Nyumba ya makolo a mtsikanayo ili pamtsetse, m'tsinde mwenimweni mwa phiri, ndipo mmene ndinaimira, mbali ya apongozi inali yakumunsi, ndiye mainchesi aja anabereka ana. Azimayi a pamudzipo anatithamangira ndi nthungululu, nyimbo zili pakamwa, chitseko n'kutsegulidwa, apongozi kusuzumira pansi, n'kubweza mutu. Ndinati nditembenuze galimoto, koma bwalo laling'ono, chiwongolero chikangofika pakati matayala agwira, grrr, kutsogolo, grrr, kumbuyo, mpaka ndinagwetsa thandala la mbale za eni ake. Ndinabwerera pomwe ndinali paja.

Ndinatsika n'kunong'oneza bambo wina kuti, pepani, kuno chulu chili pati? Anandiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mawa. Akuti kuno ndi miyala yokhayokha.

Wina anabweretsa mpando wapulasitiki, kungouika pamtsetsepo miyendo yake inatagada yokha. Wina anathamangira makwerero. Apa ndiye apongozi anayaka.

"Uwauze kuti ine ndabwera ku chinkhoswe cha mwana wanga, sindikutsika m'nkhokwe!"

Panali amalume ake a mtsikanayo, amene ntchito yawo ndi yonyamulira alendo katundu pokwera phiri, munthu wa mapewa ngati chitseko. Mwaulemu ndithu akuti, "Amayi, ine ndimasenza zolemera kuposa apa mpaka pamwamba, ndikutsitseni." Apongozi akuti ine si chikwama cha mzungu.

Nyimbo zinayamba kuzilala. Ankhoswe akhala kale pamphasa, mwambo sungayambe mayi wa mnyamata asanakhale pansi, ndipo amene anali kumbuyo sankaona vuto, ankangoona mayi wakhala m'galimoto nkhope ili gwa, osatsika. Ndinamva ndi makutu angawa mayi wina akuuza mnzake kuti, "Sakumufuna mwana wathu, n'chifukwa chake akukana kuponda pakhomo pano." Mawu anayenda, abale, mphindi zochepa azakhali a mtsikana anamanga chitenje m'chiuno, akuti ngati n'choncho aliyense azipita kwawo. Mtsikana akulira m'nyumba. Fatsani anabwera maso ali psuu, akuti, "Alamu, mwandipha." Ine thukuta kamukamu, ndikuona banja la mwana wa eni likutha lisanayambe chifukwa cha matayala anga.

Amake Tadala anatsikira mbali yanga, anazungulira, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuyeza thabwa.

"Vulani jekete. Gwadani apa."

Ndikuti mayi, pagulu pano?

"Munati tisiyire amuna. Gwadani, manjanso pansi."

Ndinati nanga mwambo? Akuti mwambo umaletsa dzanja, za phazi sanamvepo.

Ndinagwada, anzanga. Bambo wa ana atatu, tayi ali lende, maondo ndi manja m'dothi lofiira, pansi pa chitseko cha galimoto yanga yomwe. Amayi anayi anatambasula zitenje kutchinga ulemu wa apongozi, koma zitenjezo zinatchinga iwo okha, ine mutu unatulukira uku, mbuyo uko, ndipo mafoni anali m'mwamba kale. Ndinamva mpando ukulira, amake Tadala akuti "pang'onopang'ono amayi," kenako gogoda inatera pakati pa msana. Mayo ine! Ndinaona nyenyezi masanasana. Mikono inayamba kunjenjemera, ndipo ndili pomwepo ndinamva mawu kuchokera kumwamba, osadzera mwa munthu aliyense, olunjika kwa ine, koyamba m'zaka eyiti:

"Limbani bambo, mwendo wina ukubwera."

Unabweradi. Anaima pamsana panga ndi miyendo yonse iwiri, ndipo sanafulumire ayi, anayamba akonza kaye duku, kenako n'kutsikira pansi mwaulemu wonse. Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinakamveka mpaka ku ofesi ya zankhalango. Azakhali aja anamasula chitenje n'kuyamba kuvina, akuti mkamwini wotere sanamuonepo, mwana wawo akulowa m'banja la ulemu. Chinkhoswe chinayenda bwino kwabasi, ine ndinakhala kumbuyo, jekete nditavalanso pa dzuwa lonse lija kubisa zidindo ziwiri za dothi la pachulu zimene zinatsala pa shati yoyera.

Ndikudya, mtima utayamba kukhala pansi, amake Tadala anabwera kudzandinong'oneza akudziluma milomo.

"Amayi akuti mwachita bwino. Akutinso musakhute kwambiri ndipo musapite patali, pobwerera akwerera pomwe paja."

Ndiye ndalumbira, abale anga, chinthu chokhala ndi matayala sindidzachitukulanso, kaya ndi galimoto kaya ndi wilibala, msewu ukavuta nanazizo ndizisenza pamutu. Vuto latsala limodzi: mwezi wamawa kuli ukwati wa Fatsani, ndipo azakhali aja atumiza kale uthenga kuti nawonso bondo layamba kuwavuta.