Zala Zanga Zathera M'makalata a Eni

Lolemba, 14 Junyu 1954

Zikomo Ambuye, mwayi wafika! A Tomasi, amene adabwera kudzapuma kuchokera ku Halale, akubwerera Lamulungu ikatha Misa. Amuna ambiri a m'mudzi muno amagwira pa pulazi imodzi ya fodya kumeneko, ndipo kalata yopita kwa iwo imayenda m'thumba la munthu. A Tomasi akapita, wina wopita kumeneko ndi chaka chamawa.

Tsono kalata yanga iyenera kupita nawo. Nkhani ndi Rozina, amene ndikufuna kumukwatira. Bambo ake adamwalira, mwini mbumba ndi alongo ake, a Benedito, amene ali ku pulaziko. Sitinaonanepo, pakuti ndidabwera kudzaphunzitsa pa sikola ino iwo atapita kale. Rozina akuti mawu awo ndi awa: "Ngati ndi mphunzitsidi alembe yekha, ndione dzanja lake."

Dzanja alionadi! Ku mishoni ya Fonte Boa, kumene ndidaphunzira, Abambo ansembe ankakweza kadernu yanga, buku lolembamo, m'mwamba kuti anzanga aone mmene munthu amalembera. Sindikudzitama, ndikungokumbukira.

Kuchedwa sikufunika. Uja wosoka zovala wa ku Domwe wayamba kudutsa njira ya kuchitsime, kumene Rozina amatunga madzi, ndi njinga yake yabelu, ngati kwawo kulibe njira.

Zimene ndili nazo:
- mapepala oyera makumi atatu, mphatso ya Abambo ansembe
- kaneta, cholembera changa, yong'aluka pang'ono pogwirira koma imalemba
- tinta yoviikamo kaneta, yodzaza botolo
- masiku asanu ndi limodzi

Lero ndiganiza mawu. Mawa ndiyeserera m'kadernu yakale. Lachitatu ndilemba yeniyeni, masiku otsalawo ndizingoiyang'ana.

Masana kwabwera a Najere, oyandikana nawo nyumba. Akuti, "Aphunzitsi, timawu tiwiri tokha kwa bambo a kunyumba." Andibweretsera kachewere wodzaza mbale. Timawu tiwiri tadya mapepala awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Palibe kanthu, atsala ambiri.

Lachiwiri, 15 Junyu

Kuzizira! Mame auma pa udzu ngati mchere. Zala zikukana kupindika.

Nditatulutsa ana ku sikola ndapeza amayi asanu pakhonde panga. A Najere alalika m'mudzi monse kuti aphunzitsi ali ndi mapepala. Ndikanakana bwanji? Wolemba m'mudzi muno ndine ndekha, ndipo ndi anthu omwewa adandifolera nyumba nditangofika.

Kalata ya kuno siyamba ndi nkhani. Iyamba ndi moni, ndipo moniyo ndi wa aliyense payekhapayekha: agogo, azakhali, mwana wa kubere, ngakhale amene mudayambana naye. Mukasiya mmodzi mlandu. Ukamaliza uyenera kuwerenga mokweza kuti mwini wake amve ngati sunabe mawu. Ndipo powerengapo ndi pamene amakumbukira zina. "Iii, taiwala za nkhumba!" Ndiye nkhumba ilowe m'mbali mwa pepala, chogona.

Zimene ndalandira: mazira anayi, nyemba, dzungu, nzimbe iwiri. Chibwerere sindinadyepo bwino chotere. Mulungu awadalitse amayiwa.

Chala chapakati chafiira pamene pamakhala kaneta. Kalata yanga sindinayeserere, koma ndapeza mawu atatu a Chipwitikizi oyambira. A Benedito akawaona adzakhala pansi.

Mapepala atsala makumi awiri ndi limodzi.

Lachitatu, 16 Junyu

Thuza! Lalikulu ngati njere ya nyemba, pa chala chapakati. Lina likumera pa chala chachikulu. Mng'alu wa kaneta uja ndiwo ukundidya.

Lero linali tsiku lolemba kalata yanga. M'malo mwake ndalemba ya a Mbalame, nkhalamba ya kumtunda, yopita kwa mwana wawo. Amanena liwu limodzi, nkununkhiza fodya, nkuyang'ana kuphiri. Tinta imauma pa kaneta ndikudikira. Kenaka akuti, "Mulembe kuti ndikutsokomola." Ndalemba. "Ayi, mulembe mmene ndikutsokomolera." Atsokomola kawiri kuti ndimve bwino. Ndayesetsa.

A Najere abweranso. Akuti kalata ya Lolemba inali yofatsa kwambiri, munthu wokhala zaka zitatu osatumiza ngakhale singano sayenera ulemu wotero. Ifunika ina. "Mulembe kuti ngati adakwatira kumeneko anene, nditenge jekete lake ndifunditse mbuzi." Ndalemba, ndipo kunena zoona yatuluka bwino.

Aona chala changa ndipo andipaka mafuta a nsatsi. Ndikuthokoza, ululu wachepa. Koma kaneta yayamba kuterereka ngati mlamba, ndipo pepala limodzi lafa ndi dontho la tinta. Lidali la munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Inde, a kutsidya nawo amva.

Atsala khumi ndi atatu. Mawa m'mamawa, yanga poyamba. Ndalumbira!

Lachinayi, 17 Junyu

Izi ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndi lapisi, cholembera chamtengo chosafuna tinta. Zilembo zikuyenda ngati munthu wochokera ku mowa.

Thuza laphulika pakati pa moni wa eni. Mankhwala amene ndauzidwa lero:
- madzi amchere (ndayesa, ndavina popanda ng'oma)
- phulusa lotentha (ayi)
- kuboola linalo ndi minga (a Mbalame adzipereka okha, manja awo akunjenjemera, ndathawa)
- kusiya kulemba (wanena ndi munthu amene anali pamzere kudikira kalata yake)

Ndinatsimikiza kukana. Ndinatseka chitseko, ndatulutsa pepala, ndaviika kaneta. Pamenepo ndamva "Odi" wapansipansi. Ndi Anastaziya, mtsikana uja mwamuna wake adapita ali ndi pakati. Mwana tsopano akukwawa, bambo wake sanamuonepo. Akuti, "Mawu alibe ntchito, aphunzitsi, ndaona chala chanu. Mungojambula kadzanja kake, akaone kukula kwake."

Taika kadzanjako papepala, ndazunguliza lapisi. Mwana waseka. Mayi wake walira. Ine ndayang'ana kudenga ngati ndikufuna pamene pakudontha. Pambuyo pake ndamulembera ndi mawu omwe, mbali zonse ziwiri, ndipo sindikudandaula. Pa makalata onse a sabata ino imeneyi ndiyo ndaikonda.

Koma chitseko chikatseguka sichitsekekanso. Atsala asanu ndi awiri.

Rozina wadutsa ndi mtsuko pamutu. Sanaime, wangofunsa ali chiyendere: "Kalata yafika pati?" Ndati ili pafupi kutha. Ambuye mundikhululukire, ndidzaulula.

Lachisanu, 18 Junyu

Matuza atatu. Chala chamkombaphala chalowa nawo mpingo.

Ndatulutsa ana msanga ndipo ndayenda wapansi kupita ku mishoni. Asisiteri andipaka tintura, mankhwala aja ofiira. Ndinkayesa mchere ndiwo mapeto a ululu. Ndinalakwa! Andimanga nsalu yoyera zala zitatu pamodzi, akuti, "Sabata yathunthu osagwira kaneta." Ndavomera mwaulemu. Sanandilipiritse kanthu, andipatsanso tiyi. Pali anthu abwino padziko.

Pobwerera ndakumana ndi wosoka uja pafupi ndi chitsime. Waliza belu kawiri, pakaliyala pali nsalu yamaluwa. Wayang'ana dzanja langa nkuti, "Pepani aphunzitsi, khasu lakulumani?" Ndangopitirira. Makina ake amapalasa ndi mwendo, angadziwe chiyani za zala?

Kunyumba ndapeza mzere. Oyamba ndi a Najere. Akuti alota amuna awo akudwala, kalata yachiwiri ija ingawamalize. Ifunika yachitatu, yapakatikati: jekete lichoke, koma singano ikhale. Ndakulunga kaneta ndi kansanza, ndaigwira ndi nkhonya. Ndalemba yawo ndi zina zisanu. Ululu ukufika m'chigongono.

Pepala latsala limodzi. Ndalibisa m'buku la katekisimu, pamene palibe angalifune. Limeneli ndi langa. Mawu onse ali m'mutu, kuyambira a Chipwitikizi aja mpaka "wanu wodzichepetsa". Mawa kulibe sikola. Ndidzalemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzi nkupuma, ngakhale litenge tsiku lonse.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndikudziwa. Koma ine sindinazengereze, anthu ndiwo anandizengerezetsa.

Loweruka, 19 Junyu

Pepala lapita.

Dzuwa litangotuluka, ndili pakhonde ndi pepala langa pa bondo, ndamva "Odi" kuseri kwa nkhokwe. Ndi a Nangozo, amayi ake a Rozina! Akufuna kalata yopita kwa mwana wawo, a Benedito omwewo. Munthu angakanize amayi ake a Rozina? Ndati pepala lilipo, lakhala likudikira iwo.

Chodabwitsa nchakuti sanabwere pakhonde. Akhala komweko kuseri kwa nkhokwe, atandifulatira, nsalu ili kumutu. Kale ankabwera mpaka pakhomo kudzandifunsa za ana. Ndaganiza kuti ndawalakwira. Kuti timvane, iwo amafuula, ine ndimafuula, ndipo anthu ayamba kusonkhana.

Moni wa anthu khumi ndi anayi. Mbuzi yaswa awiri. Denga la nkhokwe lagwa. Chimanga chachita bwino, nyemba ayi. Atumize gombeza, kuno kukuzizira. Ine ndikukoka kaneta ndi nkhonya, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsechi. Zilembo ngati nkhuku yapalasa.

Kenaka, ndi mawu omwewo a mbuzi ndi nyemba: "Mulembe kuti aphunzitsi a pa sikola akufuna Rozina."

Kaneta yaima yokha.

"Mwalemba? Mulembe kuti ife kuno tawaona. Zala zawo zaola ndi makalata a eni, sanabweze munthu ndi mmodzi yemwe. Iwe vomera, usavute."

Ndalemba. Pansi panatsala kampata ka zala ziwiri. Ndapempha mwaulemu ngati ndingaikepo timawu tanga. Akuti, "Kalatayi ndi yanga. Pamenepo mubwerezepo za gombeza."

Ndiye kuwerenga mokweza, monga mwa mwambo. Ndawerenga za ukwati wanga ndekha, pakati pa nyemba ndi gombeza, pamaso pa theka la mudzi. A Najere aimba nthungululu. Atatha ndiwo andinong'oneza: "Inu ophunzira ndinu ogona. Simukuona kuti ayamba kale kukupewani? Mkazi wamkulu sabisalira mlendo wamba, amabisalira mkamwini."

Ndakhala pansi. Mtima wanga wadzaza, sindikudziwa kuti ndithokoze ndani poyamba.

Koma a Benedito adati aone dzanja langa. Ndipo dzanja limene akalione ndi limenelo.

Lamulungu, 20 Junyu

Lamanzere likulembabe. Layamba kuzolowera, tsoka lake.

Misa itatha ndapereka mtolo wonse kwa a Tomasi, womanga ndi luzi. Yanga mulibe. Mawu atatu a Chipwitikizi atsala m'mutu, ndipo adzafera momwemo.

Ndawakokera pambali a Tomasi. Ndawapempha kuti akafika akawafotokozere a Benedito kuti zilembo za m'kalata ya amayi awo si mmene ndimalembera masiku onse, kuti ku Fonte Boa kadernu yanga inkakwezedwa m'mwamba. Aseka mpaka kugwira njinga ya eni kuti asagwe.

Akuti, "Aphunzitsi, mukuyesa makalatawa akawerenga ndani? Pa pulazi ponse wodziwa kuwerenga ndi Benedito yekha. Ife timakhala pamzere Lamulungu masana, iye nkumatiwerengera mmodzimmodzi."

Ndiye kuti akawerenga onse. Ya Lolemba, ya zilembo zoima ngati asilikali. Chifuwa cha a Mbalame. Kadzanja ka mwana wa Anastaziya. Ya jekete ndi mbuzi yomwe, pakuti a Najere pomaliza aganiza kuti zitatu zonse zipite, amuna awo akasankhe okha. Akaona dzanja langa likuwonongeka tsiku ndi tsiku mpaka kufika pa kalata ya amayi awo. Sindikanasankha kudziwika motero. Koma bodza mulibemo.

Yankho lidzabwera ndi munthu woyamba kubwerera kumudzi, mwina mvula ikayamba, mwina Khirisimasi. Palibe chimene ndingawonjezere. A Tomasi ndawaona akutsika chitunda, mtolo uli m'malaya.

Zimene ndatsala nazo: matuza atatu, tinta ya pansi pa botolo, kachewere woti ndidye mpaka mwezi wamawa, nkhuku yamoyo imene sindikudziwa wabweretsa ndani. Zikomo Ambuye pa zonsezi, ngakhale pa matuza, koma musawonjezere.

Pobwera ku Misa ndakumana ndi a Nangozo panjira yopapatiza ya kudambo. Atangondiona apatukira m'tchire, ayang'ana kumbali. Ine ndavula chipewa ndi dzanja lomanga nsalu, ndapatukira tchire la mbali inayo. Taima choncho nthawi ndithu, njira ili yokha pakati, aliyense akudikira kuti mnzake adutse.