Nyanga ya Nsatsi Imene Inatsala Pang'ono Kuthetsa Banja la Bambo Anga

Mwambi uwu, adzukulu anga, unayambira pakhomo pathu penipeni, ndipo mwana woliralira wa m'nkhaniyi ndinali ine. Musaseke, nanenso ndinakhalapo ndi mamina.

Bambo anga, a Zefaniya, anali mkamwini m'mudzi wa amayi anga a Nankhoma. Anali munthu wofatsa, wokonda ana, ndipo ndimawasowa mpaka lero. Vuto lawo linali limodzi: chilichonse cholembedwa m'buku ankachiyesa Malemba.

Chaka china kunabwera mlangizi wa kaleredwe ka ana, a Gwaza, atakwera njinga yakuda, buku lalikulu atalimanga pakaliyala. Sindiwanamizira, zina ankazidziwa. Ndi iwo anatiphunzitsa kuwiritsa madzi akumwa, ine n'kuchira matenda otsekula m'mimba. Kuyambira pomwepo bambo ankati a Gwaza akatsokomola, iwo n'kuvomera kuti inde.

Tsiku lina ndinaona anzanga akuliza tinyanga tosema ku phesi la nsatsi. Ndinalira kuti nanenso andisemere. Bambo anathamangira kwa mlangizi.

"Musayerekeze!" anatero a Gwaza akutsegula buku. "Mwana akalirira chinthu chachabe, musampatse. Ingoyang'anani kumbali, atopa yekha."

Bambo anayang'ana kumbali tsiku lonse. Chimene chinatopa ndi khosi lawo. Ine ndinakana phala, ndinakana mbatata, n'kumagubuduka m'fumbi.

Mawa lake malangizo anasintha: "Mufotokozereni mwanayo zifukwa." Bambo anandikhazika pampando ngati mlendo, nayamba kundilalikira kuti nsatsi ilibe moyo wautali ikadulidwa. Ndinali ndi zaka zinayi. Ndinawamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kuyambiranso pomwe ndinasiyira.

Tsiku lachitatu buku linati mwana apatsidwe chinthu chabwino kuposa chimene akulirira. Bambo anayenda wapansi kudutsa midzi itatu, nakabwera ndi nyanga yeniyeni ya ngoma, nyama ya m'tchire ija, yotalika kuposa ine. Ndinaikankha ndi phazi, nkhuku n'kubalalika.

Apa agogo anga, apongozi awo a bambo, mtima unawakwera. Paja mkamwini ndi mpongozi sayang'anana, choncho analankhula ali kuseri kwa nkhokwe.

"Muwauze akamwiniwo kuti mdzukulu wanga wagona ndi njala kawiri. Akapanda kudya lero, apinde mphasa yawo, njira ya kwawo akuidziwa."

Bambo anagwira njakata. Anakaitana a Gwaza kuti abwere okha. Mlangizi anafika, nakhala pakhonde, nayamba kufufuza tsamba ndi tsamba, thukuta lili kamukamu. Amayi, amene masiku onsewa anangoti duu polemekeza amuna awo, anagwada patali pang'ono.

"Pepani achimwene, ndifunse nawo. Anu ana akalira chonchi mumawatani?"

A Gwaza anakonza tayi. "Mayi, kunena zoona, ine sindinakwatire."

"Nanga analemba bukuwo, kwawoko nsatsi imamera?"

A Gwaza anayang'ana chikuto, nayang'ananso kuseri kwake.

Amayi anadzuka, natenga mpeni, napita kudzala kumene nsatsi inamera yokha. Sipanathe nthawi ndinali nayo nyanga yanga m'manja. Ndinailiza mudzi wonse, pyo! pyo! pyo! Dzuwa lisanalowe n'komwe, inayamba kufewa. Ndinauzira, inangotulutsa mpweya. Ndinauziranso, n'kupindika ngati chingwe. Ndinaiyang'ana, n'kuitaya ndekha.

"Amayi, njala."

Ndinamaliza mbale ziwiri za phala. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuseka, ndipo mphasa ya bambo sinapindidwe. A Gwaza anapempha pensulo, nalemba zinazake m'mphepete mwa buku lawo, nakwera njinga osatsanzika bwino.

Bambo anatola kanyanga kofota kaja, nakatembenuzatembenuza, akuganiza za midzi itatu ija ndi matuza a kumapazi.

"Nankhoma, masiku atatu onsewa mankhwala anali kudzala?"

Amayi anapukuta mpeni pachitenje. "Madzi tiziwiritsabe, bambo, pamenepo a Gwaza sananame. Koma mwanayu ndinabereka ndine. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha."