Njira za Mvuu mu Bulogu ya pa Loji

Amene akuti Lazalo Mwale sadziwa kompyuta aimirire ndimuone nkhope. Inu a Tembo, mukuseka? Sekani, koma foni ili m'thumba mwanuyo ikamva dzina langa imazima yokha chifukwa cha ulemu. Ine amene mumandiona ndikuthirira maluwa pa loji kuno ku Chinzombo ndine ndinalambula njira mu bulogu ya loji ino, ndipo ngati ndikunama ng'ona indigwire pamtunda pouma.

Bulogu, kwa inu osadziwa, ndi tsamba la pa intaneti pomwe a manijala athu, mayi Phiri, amalembapo nkhani za kuno ndi kuikapo zithunzi kuti alendo akunja akopeke. Khalidwe lake ndi la mtsinje wathu wa Luangwa: nkhani yatsopano ikabwera imakwirira yakale ngati mchenga. Ukafuna ya kale umadina kabatani kapansi, nkubwerera tsamba limodzi, kudinanso, tsamba limodzi, mpaka ndevu kumera.

Manje tsiku lina kunafika amake Tisa, mkazi wa malemu a Sakala, atakwera lole ya thonje kuchokera ku Msoro. A Sakala ndi amene ankatsogolera alendo poyenda pansi m'thengo, ine ndili kumbuyo ndi ketulo ya tiyi, ndipo tinali ngati pachibale, nchifukwa chake mkazi wawoyo ndimati mlamu. Banja linali litamanga chiliza pamanda awo, ndipo linkafuna chithunzi choti limatepo, koma zithunzi zonse za kunyumba chinazidya chiswe. Chotsala chinali chimodzi chokha, mu bulogu, pansi pa mchenga wa zaka.

Mayi Phiri anafunsa kuti, "Amayi, chinali chaka chanji, mwezi wanji?" Poti pambali pa tsambalo panali mndandanda wa zaka ndi miyezi basi.

Amake Tisa anati, "Mwezi sindiudziwa. Inali nthawi ya mango, chaka chija njovu zinatigumulira nkhokwe."

Mukumva? Ndi mmene timakumbukirira ife a m'chigwa, koma kompyuta sidziwa nkhokwe. Ndiye tinayamba kudina kabatani kaja mosinthana, mayi Phiri anadina mpaka chala chinafupika, amake Tisa anadina mpaka kabataniko kanatentha moti ndinawiritsirapo tiyi, ine ndinadina mpaka kanayamba kulira ngati mwana wa mbuzi, koma tinali tisanadutse ngakhale mvula ya chaka chatha. Nditaona mlamu wangayo akumanga chitenje kuti abwerere chimanjamanja, mtima unandiwawa zedi. Ndinati, "Alamu, khalani pansi. Ndikukawatenga ndekha."

Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinanyamula ketulo yanga, ndinapuma mpweya wambiri, ndinalowa mu kompyuta kudzera pa kabowo kolowetsera fulashi. Musandiyang'ane choncho a Tembo, nthawi imeneyo ndinalibe mimbayi.

Zimene ndinapeza m'katimo! Pamwamba panali poyera bwino, koma nditangoponda pansi ndinatitimira mpaka m'khosi m'matope a nkhani zakale, ndipo ndikusambira choncho ndinakumana ndi mikango ya m'zithunzi imene inakalamba chifukwa chosaonedwa, mano atatha, ikutafuna udzu, kenako alendo achizungu amene anajambulidwa akudikira tiyi anali akudikirabe, makapu ali m'manja, ndevu zafika m'mawondo, mpaka ndinachita kuwathirira ndi kupepesa kuti ndachedwa, ndipo pansi penipeni panali mvuu, mvuu zokhazokha, poti mlendo aliyense wobwera kuno amajambula mvuu. Mukumva? Apo mpamene nzeru inandigwera. Mvuu sisochera. Ikatuluka m'madzi kukadya imadutsa njira yake, ikabwerera imadutsa yomweyo, ndipo munthu wotayika m'chigwa muno akapeza njira ya mvuu wapeza mtsinje.

Ndinagwira yaikulu kwambiri khutu, ndinaikwera pamsana, ndinaimenya ndi ketulo, ndipo inatuluka m'matopemo ikubuula, zinzake zikutsata pambuyo, zikuponda njira yotakata kuyambira pansi mpaka pamwamba pa tsamba. Njira imeneyo ndinaikhomera chikwangwani chakuti Anthu, kuti wofuna a Sakala adine dzina lawo nkuwapeza onse pamodzi. Ndinatembenuza gulu lija, tinaponda ina, Nyama. Yachitatu inandivuta, mvuu zitatopa ndinachita kuzinyamula ziwiriziwiri m'khwapa, koma ndinaimaliza: Nyengo. Osati Januwale ndi Febuluwale ayi, koma nthawi ya mango, nthawi ya madzi osefukira, nthawi yokolola thonje, nthawi yotentha imene nyama zimadzazana kumtsinje. Mndandanda wa miyezi uja ndinausiya pambali kuti azungu asalire. Pamwamba ndinakumbanso kachitsime kolembamo dzina, ukaponyamo liwu nkhani yake imayandama yokha.

Tsono nditatsata njira ya mango mpaka kumapeto, ndinaipeza nkhani ija. A Sakala ali chilili, chipewa m'manja, akuseka mpaka mano onse panja. Ndipo chimene ankasekacho chinali m'chithunzi momwemo: munthu wina ali pamwamba pa mtengo wa mvunguti, wakumbatira ketulo, pansi pake pali njiri. Kanjiri. Munthuyo ankafanana nane kwambiri.

Ndinali ndekha m'katimo, abale. Ndikanangoiponda ndi chidendene, ikanamira osaonekanso mpaka Yesu kubwera, ndipo ndikanatuluka nkunena kuti chiswe chinalowanso mu intaneti. Phazi ndinalikweza ndithu. Koma a Sakala anali akundiyang'ana ndi kuseka kwawo kuja, kumene ndinali nditakusowa chimwalirireni, ndipo kunja kunali mkazi wawo atakhala pa mpando wa mu ofesi. Ndinaisenza pamutu, ndinaikhazika pamphambano pomwe njira zonse zitatu zimakumana: ukadina Sakala uipeza, ukadina njiri uipeza, ukadina mango uipeza.

Nditatuluka, matope ali thupi lonse, ndinati, "Alamu, dinani apa pa Nyengo." Anadina. Anadinanso pa mango. Kenako anagwira pakamwa.

"Ndi amenewa," anatero. "Ankaseka chonchi akabwera kunyumba." Analira, kenako anaona m'mwamba mwa mtengo muja, nkuyamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

Mayi Phiri anandinong'oneza kuti, "A Mwale, tikudulenimo?" Ndinakana. Mukadula ine, a Sakala aoneka ngati akuseka okha ngati wamisala, ndipo sanali wamisala.

Lero aliyense wa foni, kuyambira ku Malama mpaka kutsidya kwa nyanja, amandipeza mu mvunguti muja asanaphethire, chifukwa cha njira zimene ndinalambula ndekha. Ndikudziwa kuti nanunso a Tembo mwachiona, nchifukwa chake mukudziluma milomo. Koma ndikuuzeni: sindinathawe njiri. Ndinakwera kuti tiyi wa alendo asatayike, ndipo sanatayike ngakhale dontho.

Wojambula wa ku Chipata anayesa kundichotsa pokonza chithunzi cha pamanda, koma phazi langa linakana. Pitani ku Msoro mukaone. Pakona, pamwamba pa mutu wa a Sakala, pakulendewera phazi lopanda nsapato. Ndi langa limenelo. Ndani mwa inu ali pa chiliza akadali moyo?