Nsapato ya Kumanzere pa Konkire

Lolemba

Foni ikulira ndili mkati mopinda zitenje za pamaliro zoti ndibweze kwa eni ake. Nambala yachilendo. Mawu a bambo wachikulire: "Mayi, pepani ndi zovuta zija. Ndine Amidu, mmisiri wa ku Mdeka. Miyala ya kwale ikubwera mawa."

Miyala yanji? Akuti amuna anga, bambo a Thoko, anapangana nawo asanagonekedwe m'chipatala kuti adzathire konkire kuchokera pakhonde mpaka pageti. Zonse anakonzeratu, simenti ili m'kachipinda ka kuseri. Ndapita kukayang'ana. Ilipodi, pansi pa lona, pambali pa makasu. Munthu amene sankatha kubisa ngakhale mphatso ya Khirisimasi wandibisira mulu wa simenti.

Ndafunsa Che Amidu kuti nambala yanga aipeza kuti. "Kwa alamu anu, a Fanuwelo."

Eya. A Fanuwelo a ku Lirangwe, mng'ono wawo wa malemu. Pamaliro ndinawaona akuizungulira galimoto yathu, n'kumenya tayala ndi phazi. Galimotoyo yaima pansi pa mtengo wa mango kuyambira kalekale. Mvula ikagwa, bwalo lathu limasanduka phala, dzanja langa lamanja likudziwa bwino. Ndiye munthu wofuna kuitulutsa angayambe ndi chiyani? Msewu.

Mabuku aupolisi ndawerenga okwanira. Makiyi a galimoto ndawabisa m'chitini cha tiyi.

Koma konkire ithiridwa ndithu. Ndi ntchito yomaliza ya malemu, ndipo ndikufuna ikhale yosalala ngati tsamba losalembapo.

Lachiwiri

Lole yafika, yathyola nthambi ya gwafa. Che Amidu ndi anzawo akukumba, akusalaza, akusindira dothi ndi chigogo, akukhoma matabwa m'mbali. Fumbi mpaka m'makapu.

Okayikitsa a lero:

Mchenga. Wafiira kwambiri. Che Amidu akuufinya m'dzanja, akuti ndi wa mumtsinje weniweni. Ndaufinya nanenso. Sindikudziwa chimene ndimayenera kumva.

Woyendetsa lole. Wamwa madzi anga akuyang'ana malata a denga.

A Fanuwelo. Atulukira masana pa njinga yamoto, atavala majombo, tepi yoyezera m'thumba. Akuyeza pageti. Pageti! Ine ndili pawindo. Kenako moni wa manja awiri: "Alamu, mukumagona bwino masiku ano?" Funso la munthu wofuna kudziwa nthawi imene nyumba imakhala yopanda maso.

Za simenti: matumba a pansi auma gwa, asanduka miyala. Ndinayamba ndaganiza kuti wina wasinthanitsa. Ayi, anangokhalitsa pachinyontho nthawi yonse ya matenda. Ife tili kuchipatala, simenti inkauma kuno yokha.

Che Amidu: "Yotsalayi pageti siifika, mayi."

Dongosolo latsopano: ifike pomwe ingafike.

Lachitatu

Tsiku lothira. Dzuwa loti ngakhale ndege za pa Chileka zikunyamuka mwaulesi. Akusakaniza pansi ndi mafosholo, simenti, mchenga, kwale, madzi. Wilibala ikulira njira yonse. Che Amidu akukoka thabwa lalitali pamwamba mpaka pakuwala, kenako akudula mizere yopingasa. Akuti konkire ikafuna kung'ambika izing'ambikira mmenemo. Tsamba langa losalembapo lili ndi mizere kale. Chabwino, likhale kope la sukulu.

Yafika pa mango, pamphuno pa galimoto, yathera pomwepo. Kuchokera apo mpaka pageti ndi dothi lakale lomwe lija. Ndakondwa pang'ono: aliyense wofuna galimotoyo achite kuinyamula.

Malamulo a Che Amidu:
osapondapo;
kuthirira m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu, ngati dimba;
ikangogwira, kuphimba ndi masaka onyowa;
nkhuku zitsekeredwe.

Atapita onse, ndaima pakhonde. Yakongola. Ndatembenuka kuti ndiitane munthu adzaone. Ndalowa m'nyumba dzuwa likadalipo, ndagona ndi zovala. Nkhuku ndaziiwala.

Lachinayi

Mapazi.

Oyamba ndi a nkhuku, ochokera ku gwafa, oyenda mosapupuluma. Pambuyo pake nsapato za munthu, zochokera cha kugeti. Ya kumanja yangokhudza, ya kumanzere yalowa kwambiri. Pachidendene pali chigamba cha tayala, mizere yokhotakhota. Chigamba chimenecho ndikuchidziwa. Nsapatoyo ndinapita nayo ndekha kwa wosoka wa pa Lunzu. Nsapato zofiirira za bambo a Thoko, za kutchalitchi.

Ndakhala pansi pakhonde. Tiyi wazizira.

Za mizukwa sindikhulupirira, ana a anthu ndawaphunzitsa sayansi mpaka kupuma ntchito. Komabe ndasuzumira pansi pa bedi. Nsapato palibe, ndipo n'zoona: zovala za malemu achibale anagawana titabwera kumanda, ine ndili m'chipinda ndi amayi olira. Sindinaone kuti watenga chiyani ndani.

China: konkire ndaipeza yonyowa kale. Ine sindinathirire.

AnaPhiri oyandikana nawo nyumba, chibwano pampanda: "Madzi amenewo si wamba, asisi. Ku Madziabango zinayamba chomwechi, mayi wamasiye mpaka anasamuka yekha."

Ndanunkhiza konkire. Ine, mayi wamkulu, nditagwada pabwalo mphuno pansi. Ikununkha simenti.

Lachisanu

Yonyowanso. Yaphimbidwa ndi masaka bwinobwino, timiyala m'makona kuti mphepo isachotse. Ngati ndi mfiti, ndi mfiti yaukhondo.

Che Amidu sabwera mpaka atatuluka kumzikiti, ndiye ndatsala ndekha ndi kafukufuku. Kugawa kwa zovala, malinga ndi anaPhiri: jekete, malume a kwa Kuntaja. Chipewa, sakudziwa. Nsapato, "mwina malume omwewo, koma aja sayenda." Umboni wathera pamenepo.

Ndaimbira Thoko ku Lilongwe, ndamufotokozera zonse mwandondomeko, nkhuku, chidendene, madzi. Yankho lake: "Amayi, koma mukumadya?"

Mng'alu waung'ono watulukira pafupi ndi khonde, kutali ndi mizere yonse imene anaudulira. Che Amidu afika madzulo, auyang'ana, akanda mutu pansi pa chipewa chawo. "Konkire ina siimva." Za mapazi akuti angathe kudzamatapo simenti Lolemba, ngakhale zomatazo zimakonda kumatuka mvula ikayamba. Ndati adzamate. Sindingamadzuke m'mawa uliwonse n'kumaona zimenezo.

Makiyi ndawachotsa m'chitini, ndawakwirira m'thumba la ufa.

Mawa ndimugwira.

Loweruka

Ndadzuka kusanache bwino. Ndili kuseri kwa katani, ambulera m'manja, popeza chida china mulibe m'nyumba muno. Njinga yamoto ikubwera yozimitsa, munthu akuikankha. Zigubu kumbuyo. A Fanuwelo. Kumapazi nsapato zofiirira, zowakulira, zikuvuka chidendene akamayenda.

Ndatuluka. Ine ndi ambulera, iwo ndi chigubu. Tangoyang'anana.

Nkhani yawo ndi iyi. Lachitatu madzulo anabwera kudzaona ntchito, atatchena kuchokera kumsonkhano wa mpingo, n'kupeza nkhuku ili pakati penipeni. Anaithamangira asanaganize. Manyazi anawagwira, anathawa osagogoda. Kuyambira pamenepo akhala akunyamuka ku Lirangwe m'mamawa ndi madzi a pamjigo wawo, chifukwa akudziwa kuti mpopi wathu m'mawa umangotulutsa mphepo.

Ndafunsa za geti, za tepi, za galimoto. Aseka mpaka kutsokomola. "Alamu, galimoto imeneyo ilibe giyabokosi. Achimwene anaichotsa kalekale, ankati inu musadziwe."

Kwa ine ankati ikungofuna batire.

Nanga msewu ndi wa chiyani? Aika chigubu pansi. "Anandiuza kuchipatala. Amati chaka chatha munaterereka pamatope apa mutanyamula mabuku, dzanja n'kuthyoka. Amati, Fanuwelo, mvula ikubwerayi isadzawapeze alamu ako pamatope."

Ambulera ndaitsegula. Sindikudziwa chifukwa chake. Kunja kulibe ngakhale mtambo.

Ndawaphikira tiyi. Nsapato avula pakhomo. M'kati mwake anatsekeramo nyuzipepala kuti zikwane.

Lamulungu

Popita kutchalitchi ndadutsa m'mbali, padothi, popeza lamulo likadali osapondapo. Pobwerera ndathirira ndekha, a Fanuwelo ndawauza apume. Akuti simenti ina adzabwera nayo kuti ifike pageti. Ndi a banja lomwelo la batire, ndiye tiona.

AnaPhiri sakukhutira. "Munthu wabwino chonchi, asisi, ndiye woopsa."

Makiyi ndawafukula mu ufa, ndawapukuta, ndawakoloweka pamsomali wake. Ndatumiza uthenga kwa Che Amidu kuti mawa asavutike, sitimatanso.

Zimene zilipo tsopano: konkire yolekera panjira, mng'alu umodzi, mapazi a nkhuku, galimoto yopanda giyabokosi. Ndi nsapato ya kumanzere, yoloza kukhomo. Ndikathirira, madzi amauma paliponse, mmenemo amakhalitsa.