Chaka cha Masiku Anayi

Lolemba
Tadala wafika. Lole ya ku Mangochi yamutula ali mbuu ndi fumbi, ndipo watalika mpaka m'phewa mwanga. Chilekaniraneni ndi mayi ake, ndimamuona sabata imodzi pachaka, ya holide.

Chaka chatha anandiuza za pulaneti lina lalikulu zedi, lozungulira kufupi kwambiri ndi nyenyezi ya kutali, moti chaka chake chimatha m'masiku anayi okha. Analongosola mpaka mpunga kuzizira. Tinapangana kuti akadzabweranso tidzapange lathu.

Ndakonzeratu:
dzungu, ndiye nyenyezi
ndimu, ndiye pulaneti
waya
wilo la njinga, ndiye njira yozunguliramo pulaneti, lobwereka kwa aneba, Che Mwamadi.

Wayang'ana, akuti, "Zabwino, adadi. Netiweki imagwira pati?"

Lachiwiri
Netiweki kuno ku Makanjira imagwira pachulu, kuseri kwa sukulu yomwe ndimaphunzitsa. Tadala ali pachulu. Ine ndili pakhonde ndi dzungu.

Lachitatu
Mbuzi ya Che Mwamadi yadya nyenyezi. Yasiyako kachigamba ndi nthanga. Ndapita kukadandaula, iwo akuti, "Pepani aphunzitsi, koma nanunso nyenyezi mumaisiya pansi?"

Tadala waseka mpaka misozi. Ndi koyamba chifikireni. Kukanakhala dzungu lina, ndikanaipatsa ndekha mbuziyo.

Lachinayi
Nyenyezi yatsopano ndi mpira wa kusukulu, wophwa mbali imodzi. Ndikuupaka choko chachikasu, chikuyoyoka.

Masana Tadala waphika chambo. Akuphika ngati mayi ake, mchere wa patali. Ndatha mbale, ndanyambita zala, ndiye ndikufunsa za ndimu.

"Ndimayesa ndi wa ndiwo," akutero.

Ndadya pulaneti langa lomwe. Linakoma.

Lachisanu
Che Mwamadi atenga wilo lawo, akuti ku mzikiti sangapite pa njinga ya mwendo umodzi. Zatsala: waya, mpira wophwa, ine.

Ndapita kuchulu kukamuitana Tadala adzamwe tiyi. Ndamupeza akulankhula ndi mayi ake. "Muwauze adadi adzandichingamire Lamulungu."

Ine Lamulungu ndine woperekeza. Wochingamirayo ndi wina, ndipo naye ndi adadi. Palibe anandiuzapo. Ndabwerera osamuitana, tiyi ndamwa makapu onse awiri. Mtima ukuwawa, ndisaname.

Loweruka
Ndayesako komaliza. Ndikumuuza zomwe ndinawerenga ndekha chaka chino, kuti pulanetilo likupsa usana ndi usiku chifukwa choyandikira nyenyezi, mpaka mpweya wake ukuthawa.

"Adadi, mudakali pomwepo? Zimene zija zinali za Sitandade 7."

Ee, ndidakali pomwepo. Za adadi enawo sindinafunse. Ndamumangira usipa wouma wambiri, kuti ukwanire nyumba yonse kumeneko, ndi iwowo omwe.

Lamulungu
Lole yadzaza matumba a usipa ndi anthu pamwamba pake. Tadala wakwera, wakhala pa thumba, foni ili m'manja. Ndikumuuza za chipewa, za madzi, zopanda pake zokhazokha.

Injini italira, wawerama.

"Adadi, tikanakhala pa pulaneti lija, bwenzi ndikubweranso Lachinayi."

Ndangokweza dzanja mpaka fumbi latha.

Mpira ndabweza kusukulu. Waya ndamangira chitseko cha bafa. Mbuzi ija yabweranso pakhonde kudzaona ngati kuli nyenyezi ina, ndipo sindinaithamangitse.

Chaka changa chatha lero.