Ndinkatsatira Mapazi a Bambo Namakhwa

Mpaka lero mkwatibwi uja sandiyankha moni tikakumana pamsika wa Milonde. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti sindinachite dala.

Ndili Fomu 3, ndipo Loweruka lililonse ndimaimba kaligo m'gulu lathu la zoimbira za zingwe. Tilipo asanu ndi awiri: oimba kaligo, mabanjo a zigubu, bangwe ndi babatoni. Wotitsogolera ndi bambo Namakhwa, amene anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Amaima kutsogolo ndi kandodo ka nsungwi n'kumati, "Maso onse kwa ine."

Koma amayi anandilera kuti munthu wamkulu sitimuyang'ana kumaso. Choncho ndinkayang'ana mapazi awo, poti lamanja limagunda pansi motsatira nyimbo. (Ndadziwa posachedwapa kuti anzanga onse ankangotsatira kaligo wanga.)

Atatiitana kukaimba paukwati, amayi anandichenjeza: "Ukakandichititsa manyazi, kaligoyo ndimusonkhezera pamoto, ugwire mabuku."

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Akwati anayamba kulowa pang'onopang'ono, operekeza akuponda sitepe. Kenaka phazi la bambo Namakhwa linafulumira. Nanenso ndinafulumira. Lamanzere litalowererapo, ndinawonjezera. Atayamba kudumpha ndi onse awiri, ndinati nyimbo yawalowa mumtima, ndipo ndinakhwekhweza uta mpaka chingwe kutentha. Operekeza anayamba kuthamanga. Mkwatibwi ananyamula diresi m'manja, nadutsa mpando wake, mkwati akumulondola, mpaka anakaima kumene ankaphikira.

Kani bambowo anali ataima pa linthumbu. Kandodo kaja akuti kanatiletsa kalekale, kenaka kanapita kukathandiza m'thalauzi.

"Mwanawe, unkayang'ana kuti?" anandifunsa akudzikanda.

"Mapazi anu, bambo."

"Miyezi yonseyi?"

"Eya."

"Ndiye dzanjali ndimalitopetseranji?"

Kunyumba ndinapeza amayi atagwira kaligo pafupi ndi moto.

"Akuluwo unawayang'ana kumaso?"

"Ayi, amayi."

"Olo kamodzi?"

"Olo kamodzi."

"Ndiye amene wachita manyazi ndi wothamangayo," anatero akundibwezera kaligo wanga.

Loweruka lapitali ndinayesetsa kukweza maso, ndinafika m'mawondo. Ndili ndi chikhulupiriro kuti pofika mayeso a Fomu 4 ndidzakhala ndili pakolala. Pakadali pano ndimalawirira ndi phulusa m'jumbo, kukawaza pamene bambo Namakhwa amaima.