Chikalata cha Mayi Rozina

Lolemba

Kope latsopano, choncho ndiyamba ndi kulongosola, monga mwa chizolowezi changa. Mpingo wa Ayuda wa kwa Mponda uli ndi anthu asanu ndi awiri okha, onse ogwira ntchito yothandiza othawa nkhondo ya ku Mozambiki: dokotala mmodzi, anamwino anayi, okumba mijigo awiri. Amapemphera m'nyumba ya lendi. Ine sindine Myuda. Ndine wa Anglican, wophunzira ku Malindi, kalaliki wa boma wopuma. Ndimawasungira buku basi, pakuti eni akewo pepala lililonse lofunika amakhazikapo ketulo.

Andipatsa udindo wokonza mwambo wothokoza anthu atatu amene atumikira mpingowu zaka zitatu osalipidwa. Tsiku: Lamulungu likudzali, 10 koloko m'mawa, pakhonde.

Othokozedwa:
1. Che Saidi, Msilamu, woyandikana nawo nyumba. Pa Sabata, kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu kufikira nyenyezi zitatu zitaoneka Loweruka, Ayuda sayatsa moto, sayendetsa galimoto, salemba. Kutuma munthu mwachindunji nakonso saloledwa. Amangonena kuti, "Muno mwada," Che Saidi n'kuyatsa nyali. Ofesi yoyendetsedwa motere ingatsekedwe sabata yomweyo.
2. Bambo Lifa, msodzi wa ku Nkhudzi, wotumiza chambo pa basi Lachisanu lililonse.
3. Mayi Rozina, wothawa nkhondo, wophika buledi wolukaluka wa Sabata mu uvuni wa mgolo. Lole yowabweza kwawo inyamuka Lachiwiri la sabata yamawa.

Aliyense alandira chikalata chothokoza, chotayipidwa, chodindidwa, chosainidwa ndi a Dokotala Shimoni, mkulu wa mpingo. Mayi Rozina andifunsa kawiri ngati n'zoona. Akuti pepala lokhalo la dzina lawo ndi khadi ya ufa, ndipo akufuna kwawo akaone kuti kuno sanangoima pamzere. Ndawatsimikizira. Zimene ndatsimikiza zimachitika.

Lachiwiri

Riboni wa taipi wauma. M'masitolo onse a pa Boma mulibe. Mmwenye wina akundilangiza kudonthezapo parafini. Ndadontheza. Zilembo zikutuluka zonenepa, ofesi ikununkha ngati golosale. Mapepala anayi aonongeka!

9 koloko: uthenga wa kolera kumsasa wa kuseri kwa Namwera. A Dokotala aima pakhomo, galimoto ikulira panja.

"Akalaliki, bweretsani mapepala anuwo ndisainiretu."

Ndakana. Pamapepalapo pali mutu wokha. Zaka makumi atatu m'boma sindinalolepo bwanamkubwa aliyense kusaina pamene sipanalembedwe kanthu, ndipo sindiyamba lero chifukwa choti injini ikulira. Aseka, andigwira paphewa (sindikonda), akuti abwera Lachinayi.

Ndikulemba pano kuti ndachita bwino.

Lachitatu

Kwaya ya ku tchalitchi kwathu yatumiza nyimbo zisanu zoti idzaimbe. Zonse zisanu n'za mtanda. Ndawafotokozera atsogoleri a kwaya mofatsa kuti alendo athu ndi Ayuda. Akuti, "Nanga si mpata wake umenewu, achimwene?" Kwaya yachotsedwa pa dongosolo.

Masana Bambo Lifa afika okha, atanyamula kampango wamkulu ngati mwana wa sukulu.

"Tsiku laulemu chambo, bwana? Chambo n'cha masiku onse. Uyu ndiye wa alendo olemekezeka!"

Sisitala Miriyamu, mmodzi wa anamwino aja, akufotokoza mwaulemu kuti chilamulo chawo chimalola nsomba ya mamba yokha. Kampango alibe mamba. Bambo Lifa akuyang'ana kampango, akuyang'ana Sisitala, akuyang'ananso kampango.

"Ine ndimayesa chambo changa mumachikonda. Kani ndi lamulo chabe?"

Achoka osatsanzika. Akuti Lamulungu adzakhala akusoka ukonde.

Nsombayo yatsala m'manja mwanga. Ndailemba m'buku: katundu wa mpingo, wosadyeka ndi mpingo. Kunyumba ndalamula kuti isakhudzidwe kufikira komiti itagamula. Mayi a kunyumba aiphika ndi tomato. Ine ndadya nyemba, ndikuyang'ana khoma.

Lachinayi

Chidziwitso chakhomedwa pa ofesi ya othawa nkhondo: lole yomwe imayenera kunyamuka Lachiwiri inyamuka Loweruka lino, 12 koloko masana. Chifukwa chake sichinalembedwe. Wosaina ndi munthu wa dzanja losawerengeka. Dziko lapita!

Mayi Rozina ali pa mndandanda wa loleyo. Motero mwambo wasamukira Loweruka m'mawa. Loweruka ndi Sabata.

Ndakhala pansi ndi Sisitala Miriyamu, dongosolo pakati pathu, iwo akupukusa mutu, ine ndikudula ndi rula:
chimkuzamawu, chadulidwa;
wojambula zithunzi, wadulidwa;
tiyi wotentha, wadulidwa (akuti akhoza kusungidwa mu fulasiki kuchokera Lachisanu; ndakana kupatsa alendo madzi ofunda);
kusaina kwa alendo m'buku, kwadulidwa;
mpando wa bwana wa ku ofesi ya othawa nkhondo, wadulidwa wokha, pakuti Loweruka amapita ku mpira.

Patsala: pemphero, mawu anga (masamba asanu ndi limodzi), kupereka zikalata.

Zikalata zitatu zatha. Mizere yofiira m'mbali ndajambula ndekha ndi rula, ngodya zonse zolunjika. Chidindo chakhala pakati penipeni. Sindinakonzepo chinthu chokongola chotere chichokereni m'boma. Pakusowa dzina limodzi lokha pansi.

A Dokotala sanabwere. Wailesi ya ofesi ikuti odwala achuluka, abwera mawa. Ndatumiza mawu akuti afike dzuwa lisanalowe. Wa pa wailesi wandifunsa ngati uthengawo ndi wa mankhwala. Ndati ndi wa chikalata. Waseka m'makutu mwanga, mwana wobadwa dzana.

Lachisanu

Mayi Rozina aphika buledi wotsiriza. Aonetsa Sisitala kalukidwe kake katatu. Sisitala akuluka chinthu chonga chingwe cha mbuzi. Atatha, Mayi Rozina andipeza pakhonde.

"Abambo, pepala lija lilipo?"

Ndawaonetsa patali, kuopa ufa wa m'manja mwawo. Aliyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

3 koloko: tebulo pakhonde, zikalata, cholembera, botolo la inki, pepala lopukutira.
4 koloko: palibe.
5 koloko: fumbi pamsewu. Thirakitala.
5:30: dzuwa lafika pamwamba pa mitengo ya mango. Che Saidi akudutsa popita ku mzikiti. "Ambuje, mukuliyang'anitsitsa dzuwalo ngati lakuberani nkhuku."
Isanakwane 6 koloko: anamwino ayatsa makandulo awo, aphimba maso ndi manja, ayamba kuimba. Sabata yalowa. Ine ndili panja ndi inki.

6:30: a Dokotala afika. Oyenda pansi! Fumbi mpaka m'nsidze. Akuti tayala linaphulika pa chitunda cha Namwera, ndipo dzuwa lawalowera ali tsidya lija la mlatho wa Shire. Galimoto aisiya pa golosale ina, makiyi apatsa mwini golosale, iwo n'kuyamba kuyenda. Mtunda wotsalawo galimoto ikanautha madzi a tiyi asanawire.

"Sabata ya mtendere, akalaliki."

Mtendere! Ndawakumbutsa kuti Loweruka lina ndinawaona ndi maso anga akulembera wodwala mankhwala. Ayankha ali chigwirire chitseko: "Moyo wa munthu umaswa Sabata. Chikalata sichikudwala."

Cholembera ndachiika m'thumba. Inki ndatseka.

Loweruka

Opezeka: Ayuda asanu ndi awiri, Che Saidi mu mkanjo woyera, Mayi Rozina ndi mitolo itatu ndi ana awiri, amayi anzawo a kumsasa ochuluka ndithu (osawerengeka, sakhala malo amodzi). Bambo Lifa palibe.

Pemphero la Chiheberi, lalitali. A Dokotala alankhula popanda pepala, mosatsata ndondomeko. Akuti kwawo kutali kuja buledi wa Sabata ankaphika ndi amayi awo, ndipo kuno kwa zaka zitatu sanawasowe kwambiri. Mayi Rozina abisa nkhope m'chitenje. Amayi anzawo aimba nthungululu, zimene sizili pa dongosolo.

Mawu anga: ndafika tsamba lachiwiri, pa mbiri ya kukhazikitsidwa kwa komiti, pamene lole yaliza hutala pamsewu. 11:40. Yafulumira, chinthu chimene lole ya ofesi imeneyo sinachitepo.

Onse aimirira. Maso ali pa fayilo yanga.

A Dokotala abwera pafupi, alankhula motsitsa mawu: "Akalaliki, lero sindingakupempheni kanthu. Ndikungoona kuti m'thumba mwanumo muli cholembera chabwino, ndiponso kuti dzina langa mumalidziwa."

Che Saidi andigunda ndi chigongono. "Ambuje, muno mwada. Yatsani."

Ndamva. Sindine wogontha, sindine chitsiru. Koma kulemba dzina la munthu wina pansi pa chikalata popanda chilolezo cholembedwa ndi mlandu umene ndinachotsetsera anthu awiri ntchito m'boma. Ndipo chilolezo cholembedwa lero sichingalembedwe. Ndafotokoza zimenezi momveka bwino.

A Dokotala: "Ndiye apatseni mmene chililimo."

Mayi Rozina atambasula manja onse awiri. Aapukuta kale pa chitenje, ndaona.

"Ingondipatsani, abambo. Kuwerenga sinditha. A Dokotala ndikuwadziwa, asaine asasaine."

Ndawauza kuti chikalata chosasainidwa ndi pepala wamba. Kuti pamalire kapena kwa wolemba ntchito aliyense chidzaoneka chonamizira. Kuti atatumikira zaka zitatu akuyenera chinthu chathunthu, osati chatheka. Ndati ndidzachitumiza pa positi chitasainidwa. Ndalankhula mwaulemu, ndipo mfundo iliyonse inali yoona.

Hutala kachiwiri.

Sanatsutse. Abweza manja, asenza mtolo pamutu. "Chabwino, abambo. Odziwa ndinu."

Anamwino awaperekeza mpaka pamsewu, akulira. Che Saidi anyamula mwana wamng'ono n'kumukweza pamwamba pa matumba. Palibe amene wabwerera kudzamva masamba anayi otsala.

Lole yanyamuka 12:20. Pamapeto pake yachedwa ndithu.

Lamulungu

Dzulo madzulo, nyenyezi zitatu zitaoneka, a Dokotala anasaina zikalata zonse zitatu. Sanaseke, sanandigwire paphewa. Anandibwezera cholembera n'kunena kuti zikomo, monga amanenera kwa munthu wa ku banki.

Che Saidi alandira chawo m'mawa uno kudzera pa mpanda. Achipinda panayi ndikuona, achilowetsa m'chipewa. Sanandiitane "ambuje".

Cha Bambo Lifa chapita ndi basi ya ku Monkey Bay. Kondakitala wachiika pansi pa mpando, pamodzi ndi jeke.

Ku tchalitchi a kwaya sakundipatsa moni.

Nditabwerako ndatenga envelopu yabwino, ndalemba dzina la Mayi Rozina, ndatsegula buku kuti ndikopere keyala. Pa danga la "kwawo" palembedwa liwu limodzi: Mozambiki. Dzanja ndi langa. Zaka zitatu sindinafunse mudzi, mfumu, ngakhale boma.

Ndapita kunyumba kwa kalaliki wa ofesi ya othawa nkhondo. Ndam'peza akutsuka njinga. Akuti lole imatsitsa anthu tsidya la malire, kuchokera pamenepo aliyense amalowera kwake, ndipo midzi ina kulibenso. Amayi a kumsasa akuti Rozina ankatchula mtsinje wina, koma akutsutsana dzina lake.

Envelopu ndaichotsa. Chikalata ndachiika mu fayilo, pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike, pamwamba pa kabati pamene chiswe sichifika.

Ndachiwerenganso katatu. Chilibe cholakwika chilichonse.